Chisanu cha M'mapaini

Utuchi wa paini ukanyowa ndi mame umakhala ndi fungo lakelake, lonunkhira ngati mankhwala, lolowa mpaka kukhosi. Anthu ambiri amalikonda. Ine ndikamadutsa pomwe amagulitsa matabwa kuseri kwa msika wa Zomba ndimafulumiza miyendo. Fungo limenelo limandibweza ku chisanu china, ndili kamtsikana ka sitandade 3, pomwe ine, amayi ndi mng'ono wanga Tiyamike tinakhala m'chisakasa cha ocheka matabwa pamwamba pa phiri, tikubisala ngati nyama.

Tisanakwere phirilo tinkakhala ku Chikamveka, m'nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri, ya malata akale omwe ababa ankawapsinja ndi miyala kuopa mphepo. Ababa anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde, ndipo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka pakhomo pathu pankangomveka phokoso la makinawo ndi kulira kwa sizasi. Tizidutswa ta nsalu tinkamwazika pabwalo ponse, ine n'kumatola kuti ndisokere zidole. Kuseri kwathu kunali Che Bwanali ndi akazi awo, Abiti Saidi. Iwo anali Asilamu ochokera cha ku Domasi. Che Bwanali ankagula mitengo kuphiri n'kumachekesa matabwa, pomwe Abiti ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Ana awo anali atakula n'kuchoka. Mpanda wa udzu womwe unkatisiyanitsa unali wobooka pakona, ndipo pachiboo pamenepo pankadutsa mchere, moto wopala, nthawi zina ndi Tiyamike yemwe, akamva fungo la nthochi zokazinga.

Anali masiku a chipani chimodzi. Munthu aliyense ankayenera kukhala ndi khadi la chipani, kapepala kolimba kongokwana m'thumba la malaya. Wopanda khadilo sankalowa mumsika, sankakwera basi, ndipo nthawi zina ngakhale pampopi ankamubweza ndi ndowa yake yopanda madzi. Anyamata a chipani ankaima pazipata ndi ndodo n'kumafunsa aliyense. A mpingo wathu sankagula khadilo. Ababa ankandifotokozera akusoka, maso ali pa singano, kuti msonkho amakhoma, malamulo amamvera, kanthu ka munthu sanabepo, koma lumbiro la moyo wawo anapereka kale kwa Khristu, ndipo munthu salumbira kawiri. Boma linali litaletsa mpingowo, choncho tinkapemphera m'nyumba za anthu, mawindo ali otseka, tikuimba motsitsa ngati pali wodwala. Kusukulu aphunzitsi anatiimiritsa ife ana a mpingo umenewo kutsogolo kwa kalasi n'kutiuza kuti tidzabwere makolo athu akadzaganiza bwino. Ndinapita kunyumba ndi sileti yanga m'khwapa, ndisakudziwa kuti padutsa zaka ndisanakhalenso pa benchi ya sukulu.

Anyamata a chipani aja anabwera Loweruka masana, chisanu chitangoyamba. Tinawamva akadali kutali, akuimba, mapazi akugunda pamodzi. Ababa sanathawe. Anangoimika makina, n'kuchotsa tepi yoyezera m'khosi mwawo, n'kuipinda bwinobwino. Mkulu wa gululo anatulutsa khadi latsopano n'kuliika pamwamba pa nsalu yomwe ababa ankasoka.

"Achimwene, musativutitse. Tengani apa, ife tizipita."

"Pepani, sindingathe," anatero ababa.

Amayi anakanikiza nkhope yanga pamimba pawo, choncho zambiri sindinazione, ndinazimva. Ndodo ikamagwa pathupi la munthu imalira ngati mphasa ikamakunthidwa fumbi. Ababa sanakuwe, ankangobuula chamumtima. Nditasuzumira ndinaona akuwathira chitedze pamabala, mmodzi akuphwanya makina ndi mwala wa pamaziko, ena ali padenga kusasula malata. Malemba athu ndi mabuku a nyimbo anawatentha pabwalo pamodzi ndi nsalu za eni ake zomwe zinkadikira kusokedwa. Anthu a m'dera lathu anaima patali, ena atavala malaya osokedwa pakhonde pomwepo. Ababa anawaponya mu lole ngati thumba la chimanga. Asananyamuke, mkulu uja analoza Tiyamike, yemwe anali kumbuyo kwa amayi, n'kunena kuti akadzatipeza mawa adzayamba ndi kamwanako.

Abiti anatidutsitsa pachiboo cha mpanda n'kutigoneka m'khitchini mwawo, pakati pa nkhuni ndi matumba a ufa wa zitumbuwa. Kutangocha Che Bwanali anatitsogolera kuphiri, kudzera njira ya amayi otola nkhuni. Amayi anabereka Tiyamike, pamutu atasenza mtolo wa mabulangete ndi poto. Ine ndinanyamula kathumba ka ufa ndi mchere. Njirayo inali yokwera mopweteka mawondo, ya miyala yoterera ndi ndere. Pena tinkaima n'kuyang'ana kumbuyo, tawuni yonse ili pansi pathu, madenga akuwala pakati pa mitengo, utsi wa m'mawa ukukwera m'makomo mwa anthu omwe anagona m'nyumba zawo. Ndinayesa kupeza yathu koma sindinaione. Kenako nkhungu inatimeza, ndipo tinalowa m'mapaini.

Chisakasacho chinali cha anthu a Che Bwanali, omwe anali atasamukira mbali ina ya phiri. Makoma ake anali a zotsala za matabwa zokhala ndi makungwa, mipata yake yolowa dzanja. Pansi panali utuchi wokhawokha, ndipo kutsogolo kunali dzenje lalitali lomwe ankachekerapo mitengo. Kuzizira kwa kumtunda kuja n'kwina. Chiperoni chikabwera, mvula yowaza inkagwa osaleka, mabulangete n'kukhala achinyezi masiku onse. Madzi a mumtsinje ankapweteka mano. Mapazi anga anachita ming'alu mpaka kutuluka magazi, milomo inasweka. Mphepo ikawomba m'mapaini inkamveka ngati lole ikubwera, ndipo masiku oyamba ndinkadzambatuka n'kuthawira kuseri kwa amayi. Moto tinkakoleza pokhapokha nkhungu ikakuta, kuti alonda a nkhalango asaone utsi. Choncho tsiku la dzuwa linali la njala, tinkangotafuna chinangwa chachiwisi ndi mabulosi achikasu a m'tchire, ndipo tsiku la nkhungu ndiye linali lophika. Abiti ankakwera pamodzi ndi amayi otola nkhuni, n'kupatuka okha pakati pa njira. Ankatibweretsera mbatata, matemba ndi sopo wodula, zonse zobisa m'chitenje, ndipo potsika ankasenza mtolo wa nkhuni kuti wina asafunse chomwe anakwerera. Za ababa analibe mawu ena koma akuti ali moyo, ali m'ndende.

Mwa ife atatu, Tiyamike yekha ndi amene ankaoneka kuti malowo akuwakonda. Anali ndi chaka ndi miyezi ingapo, atangoyamba kuyenda motagaza miyendo ngati bakha. Dzina langa loti Esinati linkamukanika, ankangoti "Nati". Tsiku lonse ankatola zipatso zouma za paini n'kumaziika mu poto wa amayi, akadzaza n'kukhuthula, n'kuyambanso. Anyani akamadutsa pamwamba pa dzenje lija, ana awo atakakamira kumimba, iye ankaseka mokweza mpaka ine ndinkamutseka pakamwa ndi dzanja, kuopa kuti wina amva. Mpaka lero ndimamvabe timano take tikundiluma m'chikhatho.

M'mawa ndi madzulo amayi ankatigwaditsa pa utuchi. Malemba anali atapsa, koma ambiri anali m'mutu mwawo, ndipo ankawanena pang'onopang'ono ngati akuwerenga pakhoma. Ankapempherera ababa, abale a mumpingo omwe anabalalika, Che Bwanali ndi Abiti. Pomaliza ankapempherera anyamata aja, kuti Mulungu awakhululukire ndi kuwatsegula maso. Akafika pamenepo ine ndinkatsegula anga, n'kumayang'ana nkhungu ikulowa m'mipata ya khoma. Sindinkafuna kuti Mulungu awakhululukire. Ndinkafuna kuti awathyole manja.

Chifuwa cha Tiyamike chinayamba ngati cha mwana aliyense. Kenako thupi linatentha, anasiya kutola zipatso zake, n'kumangogona pamiyendo pa amayi maso ali theka. Amayi anawiritsa masamba a bulugamu n'kumufunditsa bulangete kuti apume nthunzi, koma sizinathandize. Akamapuma, khungu la pansi pa nthiti linkalowa mkati, ndipo m'chifuwa munkalira ngati munthu akuponda masamba ouma. Bere ankangoligwira ndi milomo n'kulisiya. Abiti atabwera anamuvula kamalaya, n'kuyang'ana nthitizo kanthawi.

"Amake Esinati, ichi ndi chibayo. Si cha masamba ichi, chifunika jakisoni. Tiyeni lero lomwe."

Amayi sanatsutse. Anamubereka, n'kumufunditsa chitenje china pamwamba, ndipo tinatsika tonse. Tinafika kuchipatala dzuwa lili pamutu. Nditakhala nthawi yaitali m'tchire, tawuni inandichititsa mantha: mabelu a njinga, fungo la dizilo, anthu ovala zoyera. Pachipata panali tebulo, pa tebulopo mulu wa makhadi, ndipo pambali pake panaima mnyamata wa ndodo. Sanali mmodzi wa omwe anabwera kwathu. Anali wamng'ono, wa ziphuphu kumaso. Anthu ankaonetsa makhadi awo n'kumalowa. Abiti anatsalira dala kumbuyo. Itafika nthawi yathu amayi anati mwana wadwala kwambiri.

"Khadi lanu, mayi?"

"Ndilibe."

"Mwaiwala kunyumba eti?" Anafunsa motsitsa mawu, ndipo ngakhale ine mwana ndinamva kuti akuwatsegulira njira.

"Ayi. Sindinagule."

Mnyamatayo anakweza chitenje n'kuona nkhope ya Tiyamike, milomo itayamba kuda. Anayang'ana uku ndi uku. "Mayi, tengani limodzi apa. Za ndalama musadandaule, ndilipira ine. Mungotchula dzina lanu ndilembe, mulowe."

Ndinakoka chitenje cha amayi. "Amayi, tengani. Chonde amayi, tengani."

Anaima nthawi yaitali. Anthu a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Dzanja lawo, lomwe linagwira langa, linali lonyowa ndi thukuta ngakhale kunkazizira. Kumbuyo kwawo ndinkamva kupuma kwa Tiyamike. Khadilo linali pafupi kwambiri, ndikanatha kulitola ndekha. Kenako amayi anati, "Mwanangu, Mulungu akudalitse. Koma sindingathe."

Pamenepo panatulukira wina wamkulupo, yemwe anali atakhala pamthunzi. "Ndi a mpingo uja amenewa? Chokani apa! Amene mumam'pembedzayo akubayireni jakisoni." Anawakankha amayi pachifuwa ndi nsonga ya ndodo, ndipo anadzandira, dzanja limodzi litagwira mwana kumbuyo. Wina pamzere anaseka. Ambiri anangoyang'ana pansi.

Tinawoloka msewu n'kukakhala kuseri kwa mtengo wa mango. Amayi sankalira, ankangopuma mwabefu ngati athamanga. Abiti anatipeza pomwepo, n'kuyamba kumasula chitenje chawo cha m'chiuno.

"M'masuleni mwanayo."

"Abiti, akakufunsani kuti ndi wa yani? Ine sindingakutumeni kukanama."

"Simunanditume. Bodzalo ndi langa, ndikayankha ndekha kwa Mulungu. Bweretsani mwana."

Amayi anamasula. Anamupsompsona pachipumi, n'kumukhazika okha kumbuyo kwa Abiti, n'kukonza timiyendo take kuti tikhale bwino. Abiti anamufunditsa nsalu yawo ya kumutu, anadikira mpaka pachipata patadzaza anthu, n'kulowa pakati pa amayi ena khadi lawo lili m'manja. Ndinaona kaphazi kamodzi ka Tiyamike kakulendewera pansi pa chitenje, kenako khamu linawaphimba. Che Bwanali atamva anabwera n'kutiuza kuti tibwerere kuphiri dzuwa lisanalowe, chifukwa nkhope ya amayi inali itaonedwa. Njira yonse yokwera amayi ankangomanga ndi kumasula chitenje chawo pachifuwa, ngati kumbuyo kukadali munthu.

Masiku otsatirawo amayi ankakhala pachitsa choyang'ana njira kuyambira m'mawa. Mkaka unkawatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi, mawere atatupa mpaka kuwapatsa malungo. Ankapita kuseri kwa chisakasa kukafinyira mkakawo pansi, ndipo ndinkaona nyerere zitaunjikana pomwe unagwera. Ndinkawaphikira mbatata nkhungu ikabwera, iwo n'kungoigwira m'manja mpaka kuzizira. Zipatso za paini za Tiyamike zinali zikadali pambali pa poto tsiku loyamba, ndipo ndinazisonkhanitsa pakona n'kuzisunga kuti mwini wake adzazipeze.

Anabwera m'mawa wina wowala, kumwamba kopanda kamtambo. Abiti anali patsogolo, opanda chingwe cha nkhuni, opanda kathumba. Che Bwanali ankatsatira kumbuyo, mutu uli pansi. Mwana anali kumbuyo kwa Abiti, koma atakutidwa yense mpaka kumutu, ndipo timiyendo sitinkaoneka. Sanapereke moni. Amayi anaimirira pachitsa paja, anayenda pang'ono, kenako anangokhala pansi panjira pomwepo. Abiti anagwada patsogolo pawo n'kumasula mfundo pang'onopang'ono.

"Anam'baya jakisoni, koma anati tachedwa," anatero. "Kumeneko amam'dziwa kuti ndi Amina, mwana wanga. Sanagone yekha ngakhale kamodzi, ndinam'fungatira mpaka mapeto. Anaitana amayi, ine ndinavomera."

Amayi anamulandira n'kumuvundukula kumaso. Kulira kwawo sikunatuluke ngati kwa pamaliro a kumudzi, chifukwa ngakhale pamenepo tinkaopa kumveka. Analuma chitenje, thupi lonse likugwedezeka, mawu akutulukira m'mphuno ngati a ng'ombe yomangidwa. Ine ndinagwira dzanja la Tiyamike. Linali lozizira kuposa madzi a mumtsinje, ndipo pamwamba pake panali kabala kakang'ono ka singano.

Kumanda a kutawuni sitikanaloledwa. Che Bwanali anafunsa amayi mwaulemu kuti, "Ife kwathu timaika ndi nsalu yokha. Nanga inu mumatani?" Amayi anati timaika m'bokosi. Munthu wamkuluyo, yemwe sanapangepo bokosi la maliro chibadwire, anasankha matabwa osalala pakati pa zotsala zija. Misomali anazula pakhoma la chisakasa n'kumaiwongola pamwala. Pokhoma ankaika chigamba pamutu pa msomali kuti phokoso lisapite patali. Bokosilo linali laling'ono, loyera, likutuluka utomoni m'mbali. Amayi anayalamo chitenje chawo chabwino, chokhacho chomwe anapulumutsa pamoto uja. Ine ndinaikamo zipatso za paini zija.

Dzenje anakumba pakati pa mizere ya mitengo, pomwe nthaka inali yofewa ndi yakuda. Panalibe mkulu wa mpingo, panalibe wachibale. Amayi anayesa kuyambitsa nyimbo koma mawu anakana, choncho anangopemphera. Che Bwanali ndi Abiti anaima chapatali pang'ono, zikhatho zili zotambasula m'mwamba monga mwa chipembedzo chawo. Amayi anathokoza Mulungu chifukwa cha miyezi yomwe anatibwereka mwanayo. Anati akum'bweza m'manja mwa mwini wake mpaka tsiku la kuuka. Amayi atanena kuti amen, Abiti anavomera. Ine ndinatseka pakamwa.

Madzulo a tsiku limenelo, alendo athu atatsika, amayi anandiitana kuti tigwade. Ndinakana. Ndinaima pakhomo la chisakasa n'kunena mawu omwe ndinali nditasunga kuyambira pachipata paja.

"Mwamupha ndinu. Anakupatsani laulere, inu munakana."

Ndinkayembekeza khofi, ndipo mwina ndinkalifuna. Amayi anangondiyang'ana, maso atatupa. "Esinati, mwina udzandikhululukira, mwina ayi," anatero. "Usaganize kuti ine sindikudzifunsa." Anagwada okha. Kuyambira tsiku limenelo sanandikakamizenso kupemphera, ndipo tinkakhala m'chisakasa chimodzi, kufunda bulangete limodzi, osalankhulana kupatula za madzi ndi nkhuni.

M'mawa wina ndinadzuka iwo palibe. Ndinatsatira mapazi awo pa mame mpaka pamanda. Anali atagona chafufumimba pamtumbira, zala zitalowa m'dothi, akulankhula mokweza ngati akukangana ndi munthu. "Mwamuna ndinakupatsani. Nyumba ndinakupatsani. Uyunso? Munalephera chiyani kunditenga ine? Yankhanitu, ndakhala chete nthawi yonseyi." Ndinabisala kuseri kwa mtengo, chifukwa ndinali ndisanamvepo munthu akulankhula ndi Mulungu chotero. Ndinkadikira kuti mwina kugwa mphezi. Kunangomveka mphepo m'mapaini. Patapita nthawi anadzuka, anasansa dothi pa bulauzi, anapita kumtsinje kukasukusula, n'kubwerera kudzasenda chinangwa. Madzulo ake anagwadanso, ndipo anyamata aja sanawasiye m'pemphero.

Chisanu chinatha ndi mphepo ya fumbi. Udzu unauma, ndipo Che Bwanali anati nyengo ya moto wolusa yafika, alonda ayamba kuyendera nkhalango yonse, sitingabisalenso. Anagwirizana ndi dalaivala wa lole ya matabwa yopita cha ku Mulanje, ndipo tinagona pakati pa matabwawo atatifunditsa lona. Abiti anatipatsa zitumbuwa m'kansalu. Iwo ndi amayi anagwirana manja nthawi yaitali. Tinawoloka malire wapansi n'kukapeza anzathu ambiri a mumpingo, aliyense ndi maliro ake. Kumeneko ndi komwe ndinakulira.

Ababa anatuluka m'ndende ine nditatha msinkhu, n'kutitsatira kutsidya kwa malire. Ankatsimphina, ndipo khutu limodzi linali litagontha. Za Tiyamike anali atamva kale, koma sanafunsepo amayi za pachipata paja, ngakhale kamodzi. Zinthu zitasintha m'dziko, mpingo utaloledwanso, tinabwerera ku Zomba, ndipo chinthu choyamba chomwe ababa anapempha chinali choti tikawaonetse pomwe mwana wawo anagona. Che Bwanali anali atamwalira. Tinakwera ine, ababa ndi amayi, pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo uja. Tinapeza mitengo yonse ya mbali imeneyo inadulidwa kalekale, n'kubzalidwa ina, m'mizere yatsopano. Chisakasa panalibe, dzenje lochekera linali litakwiririka. Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka, amayi akuti mwina apa, mwina apo. Potsiriza ababa anavula chipewa n'kuima pamalo pomwe tinangofika, ndipo tinapemphera pomwepo.

Amayi atakalamba ndinkawasunga kwanga ku Zakazaka. Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta m'miyendo, ana anga akusewera panja, ndinawafunsa ngati akanachitanso chimodzimodzi, atabwezedwa pachipata paja. Anayankha kuti, "Usandifunse zimenezo, mwanangu. Ndinayankha kamodzi, ndipo kamodziko kanandikwana."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chikhulupiriro chinawaumitsa mtima amayi, kuti kukana kuja kunali kosavuta kwa iwo chifukwa ankakonda Mulungu kuposa ife. Nditabereka anga, n'kudziwa kulemera kwa mwana wotentha thupi kumbuyo, ndinakumbukira dzanja lija lonyowa ndi thukuta lili m'langa, ndipo ndinazindikira kuti panalibe chosavuta pamenepo. Ndimapempherabe mumpingo womwewo. Koma ndikanama nditanena kuti ndikudziwa chomwe ine ndikanachita khadi lija litaikidwa patsogolo panga, ndipo ndimapempha Mulungu kuti asadzandifunse. Zaka zonse za ubwana wanga, ndikakumbukira tsiku limenelo, pachipata paja ndinkaonapo anthu awiri okha, mayi wokana ndi mwana wodwala. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndione kuti panalinso ena, omwe anaika tebulo pakhomo la chipatala.